MBIRI YA ANTHU AKALE: MAI HELEN NYIRENDA KAUNDA

Mu mzinda wa Lusaka muli dera lina la nyumba lotchedwa Helen Kaunda, ndipo ku Kitwe, m'chigawo cha migodi ya kopa, kuli sukulu ya sekondale yodziwika ndi dzina lomweli. Anthu ambiri amene amatchula dzinali tsiku ndi tsiku amangodziwa kuti mwini wake anali mai wa Dr. Kenneth Kaunda, Pulezidenti woyamba wa dziko la Zambia. Koma ndi owerengeka, ngakhale kuno kwathu, amene amadziwa kuti mai amenewa anali mwana wa dziko lino la Malawi, wobadwira ndi kuphunzira konkuno, ndiponso kuti asanatchuke ndi dzina la mwana wawo anali atagwira kale ntchito ya uphunzitsi ndi ya mpingo kwa zaka zambiri. Lero tsono tilondole mapazi a mai amenewa, pakuti m'moyo wawo wautali muli phunziro kwa aphunzitsi ndi kwa achinyamata amene angotsiriza kumene sukulu.

Mai Helen anabadwa m'zaka za m'ma 1880 m'banja la a Nyirenda, pakati pa anthu oyankhula Chitumbuka a kumpoto kwa dziko lino. Masiku amenewo anali oopsa. Kumtunda kunali nkhondo za Angoni a M'mbelwa, pamene kunyanja, cha ku Karonga, kunali Mlozi ndi anzake ogula ndi kugulitsa anthu, amene anazunza midzi yambiri kufikira m'chaka cha 1895 pamene iye anagonjetsedwa ndi kuphedwa. M'nthawi yomweyo mishoni ya Livingstonia, imene inayamba ku Cape Maclear m'chaka cha 1875 n'kusamukira ku Bandawe mu 1881, inali kufalitsa masukulu m'midzi. M'chaka cha 1894 Dr. Robert Laws anayamba kumanga sukulu yaikulu pa phiri la Khondowe, imene inatchedwa Overtoun Institution, ndipo kumeneko kunkasonkhana ophunzira anzeru ochokera m'masukulu ang'onoang'ono a mishoniyo.

Tiyenera kukumbukira kuti m'masiku amenewo makolo ambiri sankaona chifukwa chotumizira mwana wamkazi kusukulu. Malo a mtsikana anali pamtondo, kudambo, kumunda, kenaka kubanja. Anyamata okha ndi amene ankaloledwa kupita kutali kukafuna maphunziro, ndipo ngakhale iwowo ankapita makolo akunyinyirika. Helen anali mmodzi mwa atsikana ochepa amene anadutsa mpanda umenewu nafika ku Livingstonia. Kumeneko anaphunzira kuwerenga, kulemba, masamu ndi Mau a Mulungu, pamodzi ndi kusoka ndi kasamalidwe ka pakhomo. Maphunziro amenewa ndiwo anali chuma chokha chimene anatuluka nacho m'dziko lino, ndipo ndi chuma chomwechi chimene chinadzawasunga pa nthawi ya mavuto.

Pa sukulu yomweyo panali mnyamata wina wa Chitonga wochokera m'boma la Nkhata Bay, dzina lake David Julizya Kaunda, amene anabadwa m'chaka cha 1878. Unali mwambo wa mishoniyo kutuma ophunzira akuluakulu kukalalikira kumaiko kumene kunalibe sukulu kapena tchalitchi. Motero m'chaka cha 1904 David anapita ndi anzake ena kudziko la Abemba, kumadzulo kwa mtsinje wa Luangwa, nafika ku Chinsali, dera la Mfumu Nkula. Abemba anali mtundu wotchuka pa nkhondo, woopedwa ndi mitundu yonse yoyandikana nawo, ndipo panali patangopita zaka zochepa chilowere pansi pa ulamuliro wa Azungu. David anaona kuti anthu a kumeneko anali ndi njala ya maphunziro. M'chaka cha 1905 anabwererako kuti akakhazikike, ndipo ulendo uno sanapite yekha. Anapita ndi mkazi wake Helen, amene anali atangomukwatira kumene.

Ife a kuno ku Dowa ndi ku Ntchisi tingathe kumvetsa bwino kulemera kwa ulendo umenewu tikaganizira mwambo wathu wa chikamwini. Pakati pathu mtsikana akakwatiwa, kawirikawiri amakhala pamudzi pa mai wake, pafupi ndi atsibweni ake ndi ankhoswe ake. Akadwala alipo omuphikira phala, akachira alipo omusambitsira mwana, ndipo banja likagwedezeka alipo oliweruza. Mai Helen anasiya zonsezi. Anayenda ulendo wa pansi wa masiku ambiri, kukwera mapiri ndi kuoloka mitsinje, kupita kwa anthu a chiyankhulo china ndi miyambo ina, kumene nsima yake inali ya mawere ndipo kalimidwe kake kanali kodula nthambi za mitengo n'kuzitentha kuti phulusa likhale manyowa. Kumeneko kunalibe mbale, kunalibe chipatala, ndipo mishoni ya Livingstonia yoyandikira inali ku Mwenzo, kutali kumpoto.

Kwa zaka zisanu ndi zitatu banja limeneli linagwira ntchito ku Chinsali popanda mmishonale wa Chizungu wokhala nalo pamalopo. David ankayenda m'midzi kulalikira, kutsegula masukulu ndi kuyendera aphunzitsi, ndipo maulendo otere ankatenga masiku. Wotsala pakhomo anali Mai Helen. Anaphunzira Chibemba mpaka kuchiyankhula ngati chawo, naphunzitsa ana ndi amai anzawo kuwerenga ndi kusoka, kotero kuti lero amawerengedwa pakati pa akazi oyamba achikuda kugwira ntchito ya uphunzitsi m'dziko limene pa nthawiyo linkalamulidwa ndi kampani ya British South Africa, lomwe pambuyo pake linatchedwa Northern Rhodesia. Nyumba ya mphunzitsi m'masiku amenewo inali sukulu, inali malo opemphereramo, inalinso chigono cha alendo, ndipo mwini ntchito yolandira ndi kudyetsa anthu onsewo anali mai wa pakhomopo. Pamene Mbusa R. D. MacMinn anafika m'chaka cha 1913 nakhazikitsa mishoni pa Lubwa, anapeza munda wolimalima, masukulu akuyenda ndipo Akhristu alipo kale. Pa Lubwa pomwepo ndi pamene MacMinn ndi Mbusa Paul Mushindo anadzagwira ntchito ya zaka zambiri yomasulira Baibulo m'Chibemba.

Nkhani yotere si yachilendo kwa ife. Pafupi ndi Chezi pano pali Mvera, pamene Mbusa A. C. Murray ndi Mbusa T. C. B. Vlok anayamba mishoni m'chaka cha 1889 m'dziko la Mfumu Chiwere, ndipo Kongwe inatsatira mu 1894. Kuchokera m'mapiri athu ano namonso munatuluka aphunzitsi ndi alaliki amene anapita kumadera akutali, ena mpaka kudziko la Mpezeni, kumene mishoni ya Magwero inatsegulidwa m'chaka cha 1899. Ambiri a iwo anapita ndi akazi awo. Mabuku a mbiri ya mpingo anasunga maina a abusa ndi a alaliki ena, koma maina a akazi amene ankasenza mitolo, kubereka ana kumsana ndi kusonkha moto m'midzi yachilendo anatsala m'njira. Dzina la Mai Helen linapulumuka chifukwa mwana wawo anadzakhala mtsogoleri wa dziko. Chifukwa chake tikamawerenga za iwo, tikuwerenganso za agogo athu ambiri amene anayenda njira yofanana ndi imeneyi.

Mulungu anadalitsa banja la a Kaunda ndi ana asanu ndi atatu, ngakhale kuti ena mwa iwo anatsogola ali aang'ono, monga zinkachitikira m'mabanja ambiri pa nthawi imene malungo ndi matenda ena a ana analibe mankhwala. Mwana wotsiriza anabadwa pa 28 Epulo 1924, makolo ake atakhala m'banja zaka pafupifupi makumi awiri, pa nthawi imene sankayembekezanso mwana wina. N'chifukwa chake anamutcha Buchizya, kutanthauza wobwera mosayembekezeka, ndipo dzina lake la ubatizo linali Kenneth. Pakhomopo panali mwambo wa mapemphero a banja ndi kuimba nyimbo za Mulungu, ndipo ana onse anakulira m'mwambo umenewu. M'chaka cha 1930 David Kaunda anadzozedwa kukhala mbusa, atatumikira zaka zoposa makumi awiri ndi zisanu monga mphunzitsi ndi mlaliki. Chimwemwe chimenechi sichinakhalitse, pakuti m'chaka cha 1932 Mbusa Kaunda anamwalira, Kenneth ali ndi zaka zisanu ndi zitatu zokha.

Apa ndi pamene mtima weniweni wa Mai Helen unaonekera. Nyumba imene ankakhalamo inali ya mishoni, yoyenera kulowamo wantchito wina, ndipo malipiro a mwamuna wawo anathera pamanda. Mkazi wamasiye wokhala m'dziko la eni akanatha kumanga katundu wake n'kubwerera kwa abale ake ku Nyasaland, ndipo palibe akanamudzudzula. Koma iwo anasankha kukhala. Ana awo anabadwira ku Chinsali, chiyankhulo chawo chinali Chibemba, sukulu yawo inali pa Lubwa, ndiponso manda a bambo wawo anali pomwepo. Banjali linasamukira pa malo otchedwa Shambalakale, kufupi ndi mishoni, ndipo kumeneko linayamba moyo watsopano wodalira khasu.

Pa Shambalakale panalibe ntchito ya mwamuna kapena ya mkazi. Mai Helen anaphunzitsa ana awo onse, anyamata ndi atsikana omwe, kulima, kutunga madzi, kutola nkhuni, kupera mawere, kuphika, kuchapa ndi kusita. Mwana wa mbusa amene dzulo lake ankakhala m'nyumba ya mishoni anayenera tsopano kudziwa kuti nsima imachokera m'thukuta. Akuluakulu amati kuongola mtengo mpoyamba, ndipo mai amenewa anaugwiritsa ntchito mwambi umenewu popanda kunyengerera. Mapemphero a banja amene bambo ankatsogolera sanaleke ndi imfa yawo. Mai anawatenga nawapitiriza.

M'buku lake lotchedwa Zambia Shall Be Free, limene linatuluka m'chaka cha 1962, Dr. Kaunda anasimba kanthu kena ka m'masiku amenewo kamene sanakaiwale moyo wake wonse. Bambo wake atamwalira, pa tsiku lotsegulira sukulu mwana aliyense anayenera kubwera ndi masheleni awiri ndi sikisi. Kenneth analibe ndalamayo, ndipo anabwezedwa. Anathamangira kwa mai wake akulira, koma m'nyumba monse munalibe ndalama yotero. Mwamwayi mnansi wina anawabwereka, ndipo mwanayo anabwerera m'kalasi. Taganizani, awerengi, kuchepa kwa ndalama imene inatsala pang'ono kutseka njira ya munthu amene anadzatsogolera dziko kwa zaka 27. Mai wina akanangoti mwanayo akhale pakhomo athandize kumunda, popeza manja olima ankafunikadi. Mai Helen anali atalawa okha kukoma kwa sukulu pa Khondowe, ndipo anadziwa chimene mwana wawo akanataya. Anasankha manyazi a ngongole m'malo mwa umbuli wa mwana. Tisaiwalenso mnansi uja, amene anaonetsa kuti mwana wa mnzako ngwako yemwe.

Khama limeneli linabala zipatso. Kenneth anapitiriza sukulu pa Lubwa, akugwira maganyu pa mishoni kuti athandize kupeza fizi, ndipo m'chaka cha 1941 anasankhidwa kupita ku Munali, ku Lusaka, sukulu ya sekondale imene inkalandira anyamata ochepa kwambiri ochokera m'dziko lonselo. Mu 1943 anabwerera ku Lubwa kudzaphunzitsa, motero ntchito ya bambo ndi mai wake inapitirira m'manja mwake. Itakwana nthawi yoti apeze banja, mai wake ndi amene anamusankhira mbeta, Betty Banda wa ku Mpika, ndipo ukwati unachitika m'chaka cha 1946. Achinyamata a lero angaseke kumva kuti mphunzitsi wophunzira bwino anasankhiridwa mkazi ndi mai wake, koma ukwati umenewu unakhala zaka 66, kufikira imfa ya Mai Betty m'chaka cha 2012. Diso la nakubala linaona patali.

Zaka zotsatira zinabweretsa nkhawa ya mtundu wina. Kenneth anasiya choko nalowa ndale, pa nthawi imene anthu a ku Northern Rhodesia ndi a ku Nyasaland ankakana chitaganya cha Federation chimene chinakhazikitsidwa m'chaka cha 1953. Chaka chomwecho anasankhidwa kukhala mlembi wamkulu wa chipani cha African National Congress nasamukira ku Lusaka. Mu 1955 anamangidwa miyezi iwiri pamodzi ndi Harry Nkumbula. M'mwezi wa Malichi 1959, mwezi womwe boma la atsamunda linagwira atsogoleri athu kuno ku Nyasaland, chipani chake chatsopano chinaletsedwa, iye natumizidwa ku Kabompo, kenaka kundende ku Lusaka ndi ku Salisbury, ndipo anatuluka mu Januwale 1960. Pa nthawiyi Mai Helen anali atapitirira zaka makumi asanu ndi awiri. Mwana amene anamulera movutikira kuti adzakhale mphunzitsi wolemekezeka anali tsopano mkaidi, ndipo m'chaka cha 1961 boma la Chinsali lenilenilo linali pakati pa madera amene munabuka zipolowe zoopsa zolimbana ndi atsamunda.

Koma yesero lalikulu koposa linachokera mu mpingo momwe. M'chaka cha 1953 mai wina wa m'mudzi wa Kasomo, kufupi ndi Lubwa, dzina lake Alice Lenshina, ananena kuti anamwalira nauka, ndipo kuti anatumidwa kudzalalikira ndi kuthetsa ufiti. Poyamba anali pansi pa mishoni ya Lubwa, koma pofika 1955 gulu lake linali litapatuka n'kukhala mpingo wa Lumpa. Anthu zikwizikwi anakhamukira ku Kasomo, ndipo tchalitchi la Lubwa, limene a Kaunda analikhetsera thukuta kwa zaka makumi asanu, linatsala ndi anthu ochepa. Mphepo imeneyi inalowanso m'nyumba ya Mai Helen, pakuti mwana wawo wina, Robert, mkulu wake wa Kenneth, anakhala mmodzi wa atsogoleri a mpingo wa Lumpa.

Kenaka panabuka udani pakati pa a Lumpa ndi otsatira chipani cha UNIP, chimene Kenneth ankatsogolera. A Lumpa anakana kugula makadi a chipani namanga midzi yawoyawo ya malinga, ndipo mbali zonse ziwiri zinatenthelana nyumba ndi matchalitchi. M'miyezi ya Julaye ndi Ogasiti 1964, Kenneth ali kale Nduna Yaikulu, asilikali a boma anathira nkhondo midzi ya Lumpa ku Chinsali ndi ku Lundazi. Anthu oposa 700 anaphedwa, ndipo ena zikwi zambiri anathawira ku Congo. Ofawo anali ana a m'midzi imene David ndi Helen anatsegulamo masukulu, ena mwa iwo zidzukulu za amai amene Helen anawaphunzitsa kugwira singano. Wolamula asilikali anali mwana wawo wotsiriza, ndipo mpingo umene unkathiridwa nkhondowo unali womwe mwana wawo wina anautumikira. Aliyense amene anaberekapo angathe kuyeza yekha kulemera kwa mtolo umene nkhalamba imeneyi inasenza m'miyezi imeneyo. Kukhala mai wa munthu wamkulu kuli ndi ulemu wake, komanso kuli ndi misozi yake imene anthu oimba nyimbo zotamanda saiona.

Patangopita miyezi iwiri, pa 24 Okutobala 1964, dziko la Zambia linalandira ufulu wodzilamulira, miyezi itatu ndi theka chilandirire ufulu dziko lathu la Malawi. Mai Helen anali ndi moyo, ndipo anaona Buchizya wawo, mwana uja anabwezedwa kusukulu chifukwa cha masheleni awiri ndi sikisi, akukhala Pulezidenti. M'chaka chotsatira mpingo wa pa Lubwa unalowa m'chigwirizano cha mipingo chotchedwa United Church of Zambia. Mai Helen anakhalabe ndi moyo zaka zina zingapo, namwalira ali nkhalamba ya zaka zoposa makumi asanu ndi atatu, atakhala pa umasiye zaka zoposa makumi atatu. Manda awo ali ku Lubwa, kumene kunagonanso mwamuna wawo.

Nkhani ya kumene anachokera inadzawatsata ngakhale ali m'manda. M'chaka cha 1996 boma la Pulezidenti Frederick Chiluba linasintha malamulo a dziko kuti munthu amene makolo ake sanabadwire m'Zambia asapikisane nawo pa mpando wa Pulezidenti, ndipo aliyense anadziwa kuti lamulolo linaloza Dr. Kaunda. Mu 1999 bwalo lalikulu la ku Ndola linagamula kuti iwo sanali nzika ya Zambia, chigamulo chimene chinadzafafanizidwa m'chaka chotsatira. Motero ulendo umene mtsikana wa kwa Nyirenda anayenda m'chaka cha 1905, pa nthawi imene malire a maiko athu anali asanazike mizu m'mitima ya anthu, unasanduka mlandu patapita zaka zoposa makumi asanu ndi anai. Komabe pamene Dr. Kaunda anamwalira pa 17 Juni 2021, ali ndi zaka 97, dziko lonse la Zambia linawalira monga tate wa fuko, ndipo maina a makolo awo akadali pa zipata za masukulu a m'dzikomo.

Tsono tiphunzirepo chiyani? Kwa aphunzitsi, moyo wa Mai Helen ukutikumbutsa kuti mtsikana amene wakhala kumbuyo kwa kalasi lero, amene makolo ake akuganiza zomusiyitsa sukulu kuti akwatiwe, angathe kukhala mzati umene mabanja ndi mipingo idzatsamira mawa. Aphunzitsi a pa Khondowe sanadziwe kuti pophunzitsa Helen anali kukonzeratu sukulu za ku Chinsali ndi ubwana wa mtsogoleri wa dziko. Iwo anangochita ntchito yawo mokhulupirika. Mwana akasowa m'kalasi chifukwa cha yunifolomu kapena fizi, nkoyenera kumulondola kwawo tisanafafanize dzina lake m'kaundula.

Kwa inu amene mwatsiriza sukulu, kaya mwapeza ntchito kaya mukudikirabe, funsani kumene kunachokera ndalama zimene zinakufikitsani pamene mulipa. Ambiri mudzapeza kuti zinachokera m'dengu la tomato ndi mbatata limene mai anu ankakhala nalo padzuwa m'mbali mwa mseu wa ku Salima, kapena m'ngongole imene anakatenga kwa mnansi inu osadziwa. Amai omwewo ndi amene amadzaza mabenchi a matchalitchi athu, amene amavala yunifolomu ya Chigwirizano kukaona odwala ndi kukagona pa maliro. Ambiri a iwo sadzatchulidwa dzina pa sukulu kapena pa mseu uliwonse. Ulemu umene angaulandire ndi wochokera kwa ana awo, ndipo ulemu wotere umakoma mwini wake akali ndi moyo. Paja akuluakulu anati mako ndi mako, usamuone kuchepa mwendo.